Lamulo la Pabalaza Lisamazungulire Kutsidya la Nyanja

Tikambirana za chibokosi cholemera chija chimene chimakhala pansi pa TV m'nyumba za anthu okonda mafilimu ndi nyimbo, chimene amalonda amachitcha risiva. Ntchito yake ndi kulandira zithunzi ndi mawu kuchokera ku dikoda, ku choseweretsa madisiki, ku makina a masewera kapena pa intaneti. Zithunzi chimapatsira TV, mawu n'kuwakuza ndi kuwagawira masipika asanu kapena kuposerapo, kuphatikizapo chisipika cha mabesi chimene chimanjenjemeretsa mawindo. Denon, Marantz, Yamaha, Onkyo, Pioneer ndi Sony ndi ena mwa makampani amene akhala akupanga marisiva kwa zaka zambiri. Lero pa katoni ya risiva yatsopano mupezapo chizindikiro chonena kuti imamvera Alexa kapena Google Assistant, ndipo wogulitsa akuuzani kuti rimoti yatha ntchito, muzingolankhula basi. Kulamula makina ndi pakamwa n'chinthu chabwino, ndipo kwa anthu ena n'chofunika zedi. Koma mfundo imene ndaimapo ndi iyi: chamtengo wapatali pa risiva yamakono ndi khomo la pa netiweki ya m'nyumba mwanu, limene risivayo imalandirira malamulo, ndipo lamulo lochokera pa sofa kupita ku bokosi limene lili mamita atatu patsogolo panu siliyenera kudalira makompyuta a kutsidya la nyanja kuti lifike.

Kuti tione chimene netiweki inasintha, tiyambire pa rimoti. Kampani ya Zenith ya ku America inatulutsa rimoti ya TV yokhala ndi nthambo mu 1950. Mu 1955 Eugene Polley anapanga ina yowalitsa ngati tochi, ndipo mu 1956 Robert Adler anabweretsa yotulutsa kamvekero kamene khutu la munthu silimva. Marimoti amene tinazolowerawa, otumiza kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, anafala m'zaka za m'ma 1980. Onsewa chilema chawo n'chimodzi: amalankhula koma samva. Rimoti ikatumiza lamulo siidziwa ngati lafika, siidziwa ngati risiva ili yoyaka kapena yozima, siidziwanso kuti voliyumu ili pati. Kuonjezera apo, pa marimoti ambiri batani loyatsira ndi lomwelo lozimitsira. Tsono taganizirani rimoti imodzi yolamula zipangizo zonse, imene mwaiphunzitsa kuti mukadina batani la filimu iziyatsa TV, risiva ndi choseweretsa madisiki motsatizana. Ngati mwana anasiya risiva chiyakire masana, lamulo loyatsa lija liizimitsa, ndipo TV iyaka popanda mawu. Mukadinanso, risiva iyaka koma TV izima. Wina akangodutsa pakati pa inu ndi bokosilo rimoti ili mkati motumiza, theka la malamulowo latayika. Chimene chinkavuta m'nyumba ya zipangizo zambiri sichinali kutopa kwa chala ayi, koma kuti wolamulayo ankalamula mwakhungu.

Opanga zipangizo anayesa kukonza vutoli kudzera mu nthambo ya HDMI, imene inayamba mu 2002. Mwa timawaya 19 ta kumutu kwa nthamboyo, ka nambala 13 anakapatula kuti zipangizo zizitumizirana malamulo, njira imene imatchedwa CEC. Imathandiza ndithu, makamaka pokweza voliyumu ya risiva ndi rimoti ya TV. Koma kampani iliyonse inaipatsa dzina lakelake, Anynet+ kwa Samsung, Bravia Sync kwa Sony, SimpLink kwa LG, ndipo iliyonse inadzisankhira malamulo otsatira ndi osiya, moti m'nyumba zambiri chipangizo chimodzi chikadzuka chimalanda TV anthu ali mkati moonera zina.

Yankho lenileni linachokera kwa amisiri oika zipangizo m'nyumba zikuluzikulu ndi m'maholo a misonkhano. Iwowa ankalumikiza marisiva ku makina olamulira ndi nthambo ya RS-232, ndipo makampani anawalembera malamulo achidule oti azitumiza. Marisiva atayamba kubwera ndi polowetsera nthambo ya netiweki, malamulo omwewo anangowasamutsira kumeneko. Tiyeni tiyang'anitsitse risiva ya Denon kapena Marantz. Ikalumikizidwa ku rauta ya m'nyumba imalandira adiresi yake, n'kumadikira pa khomo nambala 23. Kompyuta kapena foni ya pa netiweki yomweyo ikatumiza zilembo zinayi, PWON, risiva imayaka; ikatumiza PWSTANDBY, imagona. Apa kuyatsa ndi kuzimitsa ndi malamulo awiri osiyana, choncho kuyatsa choyaka kale sikusokoneza kanthu. MV45 imaika voliyumu pa 45 penipeni, MUON imatseka mawu, SIBD imasankha choseweretsa Blu-ray. Chachikulu koposa n'chakuti risiva imayankha. Mukaifunsa ndi PW? imakuuzani ngati ili maso kapena ili mtulo, ndipo wina akapotokola chokwezera voliyumu ndi dzanja, iyo yokha imalengeza nambala yatsopanoyo kwa amene walumikizidwa nayo, osadikira kufunsidwa. Chikalata cha kampaniyo chimachenjezanso kuti mukatumiza lamulo loyatsa mudikire sekondi imodzi musanatumize lina, popeza bokosilo limafuna kanthawi kuti lidzuke bwino. Tinthu ngati timeneti sitioneka pa katoni, koma ndi timene timachititsa kuti batani la filimu lija ligwire ntchito lero, mawa ndi mkuja.

Makampani ena ali ndi zawo. Marisiva a Onkyo ndi Integra amamvetsera pa khomo nambala 60128, m'chilankhulo chotchedwa eISCP, mmene PWR01 ndi kuyatsa ndipo PWR00 ndi kugoneka. Yamaha, chibweretsereni MusicCast mu 2015, imalandira malamulo m'njira yofanana ndi imene foni imaitanira tsamba la pa intaneti. Kusowa kwa chilankhulo chimodzi cha onse ndi chofooka chenicheni, ndipo sindichibisa: pulogalamu yolembedwera Denon singalamule Onkyo popanda kuiphunzitsa mwatsopano. Komabe njira zonsezi n'zofanana pa zimene zili ndi kanthu. Uthenga wake ndi wa zilembo zowerengeka, umadutsa pa rauta n'kufika musanaphethire, wolamula amalandira yankho, ndipo intaneti siikhudzidwa konse. Bandulo ithe, nthambo ya pansi pa nyanja iduke, PWON iyatsabe risiva.

Tsopano tione mmene makampani akuluakulu anaikira mawu pamwamba pa zimenezi. Amazon inatulutsa Echo mu Novembala 2014, ndipo Google Home inatsatira mu 2016. Kasipika kotere kali ndi maikolofoni angapo, ndipo kamatchera khutu nthawi zonse kudikira dzina lake. Ntchito yozindikira dzinalo imachitikira mkati mwakemo. Koma mukangokauza kuti kakweze voliyumu ya pabalaza, mawu anu amajambulidwa n'kutumizidwa kudzera pa rauta kupita ku maseva a Amazon kapena a Google, kumene amawasandutsa malemba ndi kupeza chimene mukufuna. Kuchoka apo lamulo limapita ku maseva a kampani yopanga risivayo, kumene amayang'ana akaunti yanu kuti adziwe bokosi lanu, ndipo pomaliza limatsikira m'nyumba momwe linachokera muja. N'chifukwa chake musanayambe kulankhula ndi risiva amakuuzani kuti mutsegule akaunti ya kampani yopanga risivayo, monga ya HEOS kapena ya MusicCast, n'kuilumikiza ndi ya Amazon. Ntchito imene inkafuna rauta yokha tsopano ikufuna intaneti yosadukaduka, makampani awiri amene adakali pa msika, ndi mgwirizano wa pakati pawo umene mwini nyumba sanasainire ndipo alibe mphamvu youletsa kutha.

Wina anganene kuti ndikukokomeza. Tione zimene zachitika kale. Pa 7 Disembala 2021 maseva a Amazon a ku Virginia anasokonekera kwa maola angapo, ndipo m'nyumba zambiri Alexa inaleka kuyankha, pamodzi ndi mabelu a pakhomo a Ring. Zipangizozo zinali bwinobwino, magetsi analipo, koma lamulo linalibe podutsa. Limenelo linali vuto la tsiku limodzi. Loposa apo ndi la kampani imene yasintha maganizo. Logitech, imene marimoti ake a Harmony ankatchuka kwambiri polamula zipangizo za pabalaza, inatseka utumiki wa Harmony Link mu Malichi 2018, ndipo inapereka zipangizo zina m'malo mwake ogula atadandaula kwambiri. Mu 2019 inatulutsa Harmony Express, rimoti yodalira Alexa yogulitsidwa madola 250, koma pofika kumapeto kwa Seputembala 2020 rimotiyo inali itasiya kugwira ntchito, ndipo mu Epulo 2021 kampaniyo inalengeza kuti yaleka kupanga marimoti a Harmony. Eni ake a mayina a marisiva nawo sakhalitsa. Onkyo inagulitsa gawo lake la zipangizo za m'nyumba mu 2021, kampani ya ku Osaka imeneyi n'kulengeza kugwa kwake mu Meyi 2022. Denon ndi Marantz zinapita m'manja mwa Masimo, kampani ya zipangizo za kuchipatala, mu 2022, ndipo mu 2025 Harman, imene mwini wake ndi Samsung, inagwirizana zozigula. Pamenepo risiva ndi katundu wa zaka 10 kapena 20. Ampulifaya za m'ma 1970 zikuimbabe m'nyumba za anthu mpaka lero. Utumiki wa pa intaneti ulibe moyo wautali chotero, ndipo mwini watsopano sakakamizidwa kuusamala mpaka kalekale. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Malamulo a pa khomo 23 ali pamphuno, chifukwa ali mkati mwa bokosi limene munagula. Za pa seva zili pachala.

Palinso funso la amene akumva. Pabalaza ndi pamene banja limakambirana za ndalama, za matenda, za maliro ndi za ana, ndiponso ndi pamene alendo amafikira. Mu 2019 atolankhani a Bloomberg anaulula kuti antchito a Amazon ankamvetsera zina mwa zimene Alexa inajambula pofuna kuwongolera makinawo. Chaka chomwecho wailesi ya VRT ya ku Belgium inapeza mawu ojambulidwa ndi Google Assistant, ena mwa iwo ojambulidwa popanda woitana, ndipo nyuzipepala ya The Guardian inalemba zofananazo za Siri ya Apple. Mu 2023 Amazon inavomera kulipira madola 25 miliyoni pa mlandu umene boma la America linaiimba wosunga mawu a ana mosatsata lamulo, ndipo mu Malichi 2025 inachotsa pa ma Echo ena mwayi umene unalipo woti mawu asamatumizidwe kunja kwa nyumba. Sindikunena kuti makampaniwa amajambula zonse zimene mumalankhula. Umboni sukusonyeza zimenezo. Chimene ndikunena n'chakuti mfundo za mgwirizanowu amalemba ndi iwo, amasinthanso ndi iwo, ndipo mlendo amene wakhala pa mpando wanu sanafunsidwe n'komwe. Mtengo umenewu ndi waukulu kwambiri poyerekeza ndi chimene mukugula nawo, chomwe ndi kutsitsa voliyumu.

Tisaiwalenso kuti chipinda choonera filimu ndi malo ovuta kwambiri kwa makina omva mawu. Anthu akamacheza mawu awo amakhala pa madesibelo pafupifupi 60, pamene muyeso wa m'maholo oonetsera mafilimu umalola phokoso kufika 105 pa sipika imodzi zinthu zikafika pachimake. Ndi ochepa amene amakweza chotero kunyumba, komabe kuphulika kwa bomba m'filimu kumamiza mawu a munthu mosavuta. Kasipika komvera malamulo kamatha kuchotsa phokoso limene kakutulutsa kokha, chifukwa kamalidziwa lisanatuluke. La masipika a risiva sikalidziwa, kwa iko ndi mawu ngati ena onse. Ndiye nthawi imene mukufunitsitsa kutsitsa voliyumu ndi yomwenso makina sakukumvani. TV nayo imalankhula: mu Epulo 2017 Burger King inaulutsa dala ku America malonda amene ankadzutsa Google Home m'nyumba za anthu, mpaka Google inachita kutsekereza mawu a m'malondawo. Palinso ngozi ya nambala. Pa risiva ya Denon, 80 ndiye muyeso wa kuholo ya filimu uja, ndipo kukwera kulikonse ndi madesibelo 10 kumafuna mphamvu yowirikiza kakhumi. Makina akamva molakwa n'kulumpha kuchoka pa 40 kufika pa 90, masipika ali pangozi, makutu a khanda logona m'chipinda chinacho alinso pangozi. Malire a voliyumu ayenera kuikidwa m'risiva momwemo, ndipo marisiva ambiri ali ndi poikira malirewo. Kwa ine, mawu amayenera ntchito zikuluzikulu zochitika kamodzi, monga kuyatsa zonse zofunika pa filimu, kusamukira ku wailesi, kapena kuzimitsa zonse pokagona. Pokweza ndi kutsitsa pang'onopang'ono, chala chimaposa lilime, ndipo rimoti isatayidwe.

Otsutsa amati maseva a makampani akuluakulu amamva bwino kuposa kakompyuta kalikonse ka m'nyumba. Ngati mukufunsa za nyengo ya ku Johannesburg kapena mukufuna nyimbo imene mwaiwala dzina lake, akunena zoona. Koma risiva siifuna kucheza. Zimene munthu angailamule n'zowerengeka: kuyatsa, kuzimitsa, kukweza, kutsitsa, kutseka mawu, kusankha kochokera zithunzi, kusintha kamvekedwe. Kuzindikira mawu ochepa odziwikiratu ndi ntchito yakale kwambiri pa luso limeneli. Makina a Audrey a ku Bell Labs ankazindikira manambala olankhulidwa mu 1952, ndipo Shoebox ya IBM, imene inaonetsedwa mu 1962, inkamva mawu 16. Lero ntchitoyi imakwana m'kasipika. Sonos inagula kampani ya ku France ya Snips mu 2019, ndipo mu 2022 inatulutsa njira yolamulira nyimbo ndi mawu imene imamasulira zonse m'sipika momwemo. Home Assistant, pulogalamu yaulere imene Paulus Schoutsen anayamba mu 2013, imalankhula kale ndi marisiva a Denon, Onkyo ndi Yamaha pa netiweki ya m'nyumba. Eni ake anapatula chaka cha 2023 kuti chikhale cholimbikira za mawu, ndipo mu Disembala 2024 anatulutsa kasipika kawokawo. Whisper, imene OpenAI inaipereka kwa aliyense mu 2022, ikhoza kusandutsa mawu kukhala malemba pa kompyuta ya m'nyumba, ngakhale kuti pa kakompyuta kofooka ngati Raspberry Pi imachedwa ndithu. Ndipo ngakhale munthu atasankha kuti mawu ake azimasuliridwa kunja, palibe chokakamiza kuti lamulo lenilenilo lidzerenso ku seva yachiwiri. Khutu likhoza kusinthidwa chaka chilichonse, bola khomo la risiva lili lotseguka m'nyumba.

Chotsutsa cholemera kuposa chimenecho ndi cha kuvuta. Kulumikiza Alexa ndi risiva kumatenga mphindi zochepa pa foni, pamene kukhazikitsa dongosolo la m'nyumba kumafuna kakompyuta kosazima, kuleza mtima, ndi kudziwa zinthu zimene anthu ambiri alibe nazo nthawi. Muyenera kuuza rauta kuti izipatsa risiva adiresi yomweyomweyo, apo ayi magetsi akathima n'kubweranso adiresi ikhoza kusintha, malamulo n'kumasochera, ndipo kwathu kuno magetsi amathimadi. Muyenera kulola m'makonzedwe a risiva kuti izimvetsera netiweki ngakhale ili mtulo, pakuti kupanda kutero lamulo loyatsa silipeza woyankha. Marisiva ena akale a Denon amalola wolumikizidwa mmodzi yekha pa khomo 23, moti pulogalamu yachiwiri imangokanidwa osauzidwa chifukwa. Zonsezi n'zoona, ndipo sindikuyembekeza kuti aliyense wogula risiva akhale mmisiri. Koma kuvutaku sikunabadwe ndi lusolo. Njira ya kunja n'njosavuta chifukwa makampani anathirapo ndalama ndi akatswiri, popeza imawamangirira makasitomala. Njira ya m'nyumba anaisiyira amisiri ndi anthu odzipereka. Ogula akalankhula, zinthu zimasintha. Mu Disembala 2018 Logitech inatseka khomo la m'nyumba la Harmony Hub ponena za chitetezo, ogula anakwiya, ndipo pasanathe masiku ambiri kampaniyo inalonjeza kulibwezeretsa kwa amene akulifuna. Mu 2022 Apple, Google, Amazon, Samsung ndi makampani ena ambiri anatulutsa muyeso wa Matter, umene maziko ake ndi akuti zipangizo za m'nyumba zizilamulidwa pa netiweki ya m'nyumba momwemo. Iwonso avomereza kuti njirayi ikhoza kufewetsedwa mpaka munthu wamba aithe.

Pa za chitetezo ndivomereza zambiri. Khomo 23 ndi la Telnet, njira yakalekale imene malamulo ake analembedwa mu 1983, nthawi imene makompyuta a pa netiweki ankakhulupirirana. Risiva siifunsa dzina kapena pasiwedi. Aliyense amene mwamulowetsa pa Wi-Fi yanu akhoza kuikweza mpaka pamapeto pakati pa usiku. Mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inalowa m'makamera ndi m'marauta masauzande ambirimbiri kudzera pa Telnet ndi mapasiwedi a kufakitale, n'kuwagwiritsa ntchito pogwetsa mawebusaiti akuluakulu. Choncho munthu asayerekeze kutsegula khomo la risiva pa rauta kuti azilamula ali kuntchito, ndipo alendo aziwapatsa Wi-Fi yawoyawo, imene marauta ambiri amalola kupatula. Koma vutoli limatha risiva ikamatsimikiza amene akuilamula, ndipo kutero sikufuna seva ya kutali. Ma TV a Sony Bravia amalamulidwa pa netiweki ya m'nyumba ndi nambala yachinsinsi imene mwini amadzisankhira, ndipo ma TV a LG amafunsa pa sikirini ngati mukuvomera chipangizo chatsopano. Opanga marisiva angachite chimodzimodzi. Ku Britain, kuyambira pa 29 Epulo 2024, lamulo limaletsa kugulitsa zipangizo za pa netiweki zokhala ndi pasiwedi imodzi ya kufakitale, ndipo limakakamiza wopanga kunena kuti azikonza chitetezo cha chipangizocho kwa nthawi yaitali bwanji. Akaunti ya pa intaneti nayo imabedwa, ndipo ikabedwa wakubayo safunika kuyandikira mpanda wanu.

Pali kamtengo kena kamene njira zonse ziwiri zimalipiritsa, ka magetsi. Risiva yomvetsera netiweki siigona kwenikweni. Malamulo a European Union amati, kuyambira 2019, zipangizo zambiri zodikira pa netiweki zisapitirire mawati 2, pamene zogona kotheratu malire ake ndi theka la wati. Mawati 2 usana ndi usiku amakwana mayunitsi 17 ndi theka pa chaka. Si zambiri, koma amene amadalira sola ndi batire aphatikizepo rauta, kasipika ndi kakompyuta kaja poyerekeza.

Mwina ena mwa inu mukuti mumtima zonsezi n'zoseweretsa za anthu olemera. Risiva ndi yodula, inde. Koma taganizirani munthu wosaona, amene rimoti ya mabatani makumi angapo ofanana imamusautsa. Munthu amene manja anafooka ndi sitiroko kapena ngozi. Agogo amene zala zawo zimanjenjemera. Kwa iwowa kulankhula ndi njira yokhayo yoyatsira wailesi osadikira kuti mdzukulu aweruke kusukulu. Ndipo ndi iwowa amene amazunzika kwambiri seva ikatsekedwa, pakuti wa manja abwino amangotola rimoti n'kupitiriza. Amene amati mawu ndi ofunika kwa olumala akunena zoona, ndipo pa chifukwa chomwecho njira ya mawu iyenera kukhala yosadalira bandulo kapena mtima wa kampani. Komanso zimene zinayambira pa zipangizo zodula zikutsikira ku ma TV, ku masipika otchipa, ku mababu ndi ku mainiveta a sola. Chimene tizolowere kulola pa risiva tidzachipeza pa zinthu zimene aliyense amagula.

Agogo amene ndawatchulawo alankhula chilankhulo chanji kwa makinawo? Alexa, Siri ndi Google Assistant samva Chichewa. Whisper ili ndi Chiswahili, Chishona ndi Chilingala, koma Chichewa mulibe. Ngakhale pa Chingelezi makinawa samva anthu onse mofanana: kafukufuku wa akatswiri a ku Stanford wa 2020 anapeza kuti makina a Amazon, Apple, Google, IBM ndi Microsoft ankalakwa mawu pafupifupi 35 pa 100 alionse a anthu akuda a ku America, pamene a azungu ankalakwa 19. Ngati khutu lili pa seva ya kampani, tilibe chochita koma kudikira tsiku limene kampaniyo idzaone phindu mwa ife. Ngati risiva imamvera malamulo a m'nyumba, khutu tikhoza kulipanga tokha, ndipo ntchitoyo ndi yaing'ono poyerekeza ndi kuphunzitsa makina chilankhulo chonse, chifukwa ziganizo zofunika n'zochepa. Poyambira palipo kale: akatswiri a pa University of Zambia asonkhanitsa mawu ojambulidwa a Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chilozi m'ntchito yotchedwa Zambezi Voice. Wolemba ziganizo za malamulowo ayenera kukhala munthu wodziwa mmene timalankhulira. Wina adzati yatsa, wina yatsani, wina tayatsani, wina muyatse, ndipo nambala ya voliyumu ambiri adzaitchula m'Chingelezi pakati pa chiganizo cha Chichewa. Mawuwo ajambulidwe kwa amayi ndi abambo, ana ndi okalamba, a ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Chipata ndi ku Tete, TV ikulira chapafupi monga imalirira pabalaza, ndipo ojambulidwawo avomereze akudziwa kumene mawu awo akupita. Imeneyi ndi ntchito yoti ophunzira a zamakompyuta a m'mayunivesite athu angaithe.

Kwa amene akufuna kugula risiva, kapena ali nayo kale, pali kayesedwe kosafuna ukatswiri. Funsani ngati kampaniyo inafalitsa chikalata cha malamulo a pa netiweki a mtundu umenewo, ndipo ngati pulogalamu ya pa foni imalola kuyatsa ndi kusintha voliyumu musanatsegule akaunti. Mukafika nayo kunyumba, ikani malire a voliyumu, uzani rauta kuti isamasinthe adiresi ya risivayo, kenako dulani intaneti koma rautayo muisiye yoyaka. Yesani kuyatsa risiva ndi foni, kusankha dikoda, kutsitsa mawu. Ikamvera, ndiye kuti khutu lililonse limene mudzasankhe, la kampani kapena lodzipangira, lidzapeza pogwira. Ikakana mpaka intaneti itabwerera, bwererani kwa wogulitsa mukamufunse kuti kampaniyo yalonjeza kusamala maseva ake mpaka chaka chiti, ndipo akuonetseni pamene chakacho chalembedwa.